Mtanda pa Manda a Atate

Lolemba, 9 Julaye 2012

Kwabwera Apwitikizi atatu kukampu yakale ya asilikali ija. Akuti adzafukula mafupa a asilikali awo amene adafera kuno pa nkhondo ya atsamunda, apite nawo kwawo. Ndinati zawo zimenezo. Koma pochokera kumunda ndaona mitanda yatsopano, yoyera mbee, ndipo umodzi uli pa manda a atate.

Lachiwiri, 10 Julaye

Ndamva mmene zinayendera. Mitanda yeniyeni yachitsulo anthu adasulira makasu kalekale. A Assumane, mlembi wa dera lathu, atamva kuti kukubwera alendo anachita manyazi, nakhometsa ina yamatabwa, n'kumangozika paliponse pooneka kamtumbira.

Atate adaikidwa m'menemo mu 1988, tikubisala m'kampumo nthawi ya nkhondo yachiweniweni. Kunja kwa mpanda wa waya kunali mabomba okwirira okhaokha. Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, lero ali pansi pa mtanda!

Lachinayi, 12 Julaye

Ndinapita kwa a Assumane.

"Iwe Zainabo, unalipo poika maliro?"

"Akazi sitifika kumanda, mukudziwa."

"Nanga malowo ukuwadziwa bwanji?"

"Achimwene adandilozera."

"Aitane achimwene akowo, tiwamve."

Akudziwa bwino kuti achimwenewo, a Rachide, ali ku Joni, ndipo foni yawo idasiya kulira chaka chatha. Ena onse amene adanyamula jeneza la malirowo adatsikira kulichete. Ndatuluka n'kubwerera kunyumba.

Lachisanu, 13 Julaye

Foni ya achimwene, zii.

Loweruka, 14 Julaye

Ofukula aja afika pa atate. Ndinaima kuwaya n'kukuwira womasulira wawo: "Achimwene, auzeni kuti mulibe bokosi m'menemo! Agonera kumanja mwa Chisilamu, ndi bambo anga!" Mzungu wa imvi anasiya ntchito, nafunsa a Assumane. Iwo anangoloza pamutu pawo ndi chala. "Mayiyu sizimuyendera bwino."

Mzunguyo anandimvera chisoni, nandipatsa botolo la madzi. Ine wopusa ndinalandira ndi manja awiri. Palibe aliyense wa m'mudzi muno amene anandiikira kumbuyo. Ndilibenso kolowera.

Lolemba, 16 Julaye

Galimoto yanyamuka m'mawa. Timabokosi tating'onoting'ono tofanana, tokutidwa ndi mbendera yawo. Ana amathamangira m'fumbi, akukuwa. Ndinakweza dzanja kuti nditsanzike atate, koma sindinadziwe kabokosi koti ndikayang'ane.