Mawu a M'khitchini Mwanga Afika kwa Ofufuza

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana. Nanga bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tikudzuka ndithu. Mnyamata wanga wamkulu wamera tindevu tiwiri timene akutisamala ngati munda, ndipo wamng'ono chifuwa chija chinatha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni mumandidula ndi nthabwala, ine n'kuseka, n'kuiwala chimene ndaimbira. Lero sindikufuna kuseka.

Alamu anu, bambo a ana angawa, ali pa mlandu ku bungwe lanu lija la akatswiri owerengera za penshoni ndi inshuwalansi. Wina anakawaneneza pa nkhani ya thumba la penshoni la anthu a kufakitale ya magalasi. Ntchito yanuyi sindiidziwa bwino, koma zaka zonsezi ndatolako pang'ono: mumayerekeza kuti opuma pantchito adzakhala ndi moyo mpaka liti, kuti thumba lisadzaume iwo akadalipo. Akuti alamu anu anagwiritsa ntchito tebulo lakale la manambala losonyeza kuti anthu amafa msanga. Thumba linaoneka lonenepa pamene lili lowonda, iwo n'kusaina.

Sindikuwaikira kumbuyo. Anasainadi, abwana awo atawapanikiza. Koma akapezeka olakwa angathe kuchotsedwa m'bungwe, dzina lawo n'kulengezedwa poyera, ndipo palibenso kampani imene ingalandire siginecha yawo. Mayeso aja munkawathandiza kukonzekera pabalaza, ine ndikukuwiritsirani tiyi, adzakhala alowa m'madzi.

Dzina la wodandaula sanatiuze. Akuti lidzabwera limodzi ndi mapepala a mlandu, tsiku lozenga likayandikira. Ndiye mukundidziwa ine, ndinayamba kukayikira aliyense. Mayi uja amaunika ntchito yawo isanatumizidwe ndinakumana naye m'sitolo, ndinamuyang'ana mpaka anagwetsa sopo. Abwana nawo ndinawaganizira, poti munthu wotero akaona moto ukuyandikira amakankhiramo mnzake. Ngakhale woyandikana nafe nyumba ndinasiya kumubwereka nsimbi, munthu wosadziwa n'komwe kuti penshoni amachita kuwerengera.

Sabata yatha anawaitana kukaonana ndi ofufuza. Ndinawaperekeza, n'kutsala pabenchi m'khonde, moyang'anizana ndi chitseko cha galasi losaonetsa mkati. Atatuluka, tayi ali m'thumba, anandifotokozera m'galimoto mafunso onse. Ambiri anali a manambala, ankangondidutsa. Koma limodzi ndinalimva bwino lomwe. Anawafunsa ngati ananenapo kuti abwana awo amakonda tebulo lopha anthu msanga, chifukwa akufa sabwera kudzafunsa penshoni.

Achimwene, mawu amenewo ndikuwakumbuka. Anayankhulidwa m'khitchini mwanga, ulendo uja munabwera kudzaona amayi ali m'chipatala. Inu munali mutalowetsa mutu pansi pa sinki kukonza paipi yodontha, iwo atakugwirirani sipanala, ine ndikupukuta mbale. Iwo ananena mawuwo n'kuseka okha. Inu munatulutsa mutu n'kufunsa ngati anasaina kale, ndipo atavomera munabwerera pansi pa sinki. Tinalipo atatu basi. Ine kumene amakadandaulako sindikudziwako n'komwe.

Ndikukumbukanso zimene munkatiuza monyadira mutangolowa m'bungwemo, kuti lamulo lanu limati ukaona mnzako walakwitsa zazikulu iwe n'kukhala chete, nawenso walakwa. Tinkakusekani kuti tsiku lina mudzakaneneza chithunzithunzi chanu chomwe.

Ndinayesa kuwatchulira alamu anu zimenezi. Anandikalipira, chinthu chimene sachita. Anati amene anawaphunzitsa ntchito ndinu, amene anaima nawo paukwati ndinu, ndipo mukanaona cholakwika mukanayamba mwawakhazika pansi. Akuti mwina anabwereza nthabwalayo kuntchito n'kuiwala. Ine ndikuwadziwa amuna anga, kuntchito sachita nthabwala.

Mwina ndikukunamizirani. Ngati ndi choncho ndidzagwada kukupepesani. Koma chiyambireni nkhaniyi, inu amene munkaimba Lamlungu lililonse mumangotumiza kauthenga kofunsa za ana. Zikundipweteka, ndipo ndakwiya. Kenako ndikaganiza za anthu a kufakitale aja, amene tebulo linawaika m'manda akadali kuyenda, sindidziwanso kuti ndikwiyire ndani.

Sindikukupemphani kuti mubweze dandaulo. Ndamva kuti likangolowa, ofufuza amapitiriza okha ngakhale mwiniwake atasintha maganizo. Pempho langa ndi limodzi. Ngati ndinu, muwaimbire muwauze ndi pakamwa panu mapepala asanafike. Asadzalione koyamba dzina lanu atakhala pabalaza, envulopu ili m'manja, ana akuwayang'ana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse. Amayi akupeza bwino ndipo sindinawauze kanthu. Mulungu akusungeni, akupatseninso mphamvu yonyamula foniyo.

Alamu anu akupereka moni. Akudziwa kuti ndikukulemberani, koma sadziwa zimene ndalemba. Andituma kuti ndikuuzeni kuti bungwe limalola woimbidwa mlandu kubwera ndi mnzake mmodzi wa ntchito yomweyo, wodzakhala pambali pake tsikulo, ndipo iwo apereka kale dzina lanu. Dzulo ndinawapeza akusesa chipinda cha alendo. Paipi ija yayambanso kudontha, koma akana kuti ndiitane pulambala, akuti achimwene akubwera.

Ine mlongo wanu,
Amake anyamata