Pakati pa Mutu

Lachiwiri, 4 Malichi
Mwezi wachinayi osasamba. Lero bulauzi yanyowa pachifuwa ndikusita zovala za makasitomala. Mkaka. Apongozi aiona ndikuichapa, aseka mpaka kukhala pansi. Akuti, "Zaka zitatu tadikira, mwana wanga." Andilanda ndowa. Chikwatiwire sanandilandepo chinthu cholemera.
Mutu ukupweteka kuseri kwa maso. Akuti ndi mmene zimayambira.

Loweruka, 8 Malichi
Ndagundanso chitseko cha kuntchito. Abwana akuti ndayamba matama, akumandipatsa moni ali pambali panga ine osacheuka. Sindikumawaona. M'mbali monsemu muli ngati wina wakoka katani. Ndangopepesa.

Lachinayi, 13 Malichi
Kuchipatala. Apima mkodzo kawiri, mimba palibe. Anesi atenga magazi, akuti mkaka subwera wokha. Kunyumba ndapeza apongozi akuluka timasokosi. Tachikasu, poti sitikudziwa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Lachitatu, 2 Epulo
Andilowetsa m'chimakina chonga paipi, phokoso lokhalokha. Kenako adokotala andionetsa chithunzi. Kachotupa ngati nyemba, pakati pa mutu, kunsi kwa ubongo. Akuti pamenepo pali kachiwalo kamene kamalamula thupi. Chotupacho ndi chimene chaimitsa kusamba, chauza mabere kuti apange mkaka, ndipo chatsamira mitsempha ya maso. Si khansa. Mapilitsi kawiri pa sabata. Akakanika, opaleshoni yodzera m'mphuno.
Ndimafuna kufunsa za mwana. Anena okha kuti chikaphwa nditha kubereka.
Apongozi anandichingamira pakhomo: "Apeza chiyani?" Ine ndinati, "Akuti ndili ndi kanthu pakati..." Ndisanafike pa mutu anali atayamba kale kuimba.

Lachinayi, 3 Epulo
Amuna anga ndawauza zonse. Akuti, "Amayi tisawauze kaye. Paja anali atayamba kundisakira mkazi wina."
Ndinkayesa amangondiopseza. Kani anafika posaka.

Lolemba, 14 Epulo
Mapilitsi akundichititsa nseru. Ndasanza m'mawa. Apongozi akuti ameneyu ndi mwamuna, nawonso zinkawatero. Nyama yofewa yonse ikubwera m'mbale mwanga. Kusesa andiletsa. Chotupa chakwanitsa pa mwezi umodzi ndi theka zimene ine ndalephera zaka zitatu.

Lachisanu, 16 Meyi
Mkaka wauma. Mutu wapepuka. Ndaona abwana akubwera chakumanzere, moni ndayamba ndine, adabwa.
Koma mimba siikukula. Mlamu wanga akamandilankhula maso ali m'chiuno mwanga. Amuna anga andigulira diresi lalikulu. Kameneka n'koyamba kundigulira chovala ndisanapemphe.

Lamulungu, 1 Juni
Ndasamba. Adokotala anati tsiku limeneli likadzafika ndidzasangalale, ndiye kuti mankhwala agwira ntchito.
Apongozi aona nsalu kubafa. Alira kwambiri, akuti ndapita padera. Andigoneka, andifunditsa bulangete, akhala pamphepete pa bedi atandigwira dzanja. Akuti, "Usadandaule, taona tonse kuti umatha. Sukuchoka pakhomo pano."
Amuna anga ataima pachitseko, akundigwedezera mutu kuti ndingovomera.
Ndiye banja langa lapulumuka. Walipulumutsa ndi mwana amene sanakhalepo, ndipo agogo ake akumulira ndi misozi yeniyeni. Anali atamupezera ndi dzina lomwe. Andiuza. Sindililemba muno.
Chithunzi cha mutu wanga ndinachibisa pansi pa matiresi, pomwepo pamene apongozi anakhalapo. Ndinalimba mtima. Ndinati, "Amayi, tadzukani pang'ono."
Anadzuka. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, akudikira.
Ndinakonza nsalu ya pabedi, ndinawauza kuti akhale.