Tsiku limene alamu anu anaimba foni

Achimwene,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mayi a khanda. Mwendo wa amayi wasiya kutupa? Kuno ana ali bwino, akupita kusukulu. Ine ndikulemba mtima ukuwira, ndipo wouwiritsa ndinu.

Mukudziwa kuti alamu anu anandipatsa talaka yoyamba, mawu ondisudzula, pamaso pa anthu awiri. Ashehe a kumzikiti kwathu anandiuza kuti ndisachoke m'nyumbamo mpaka eda ithe, ndiko kuti ndisambe katatu. Anati m'masiku amenewo mwamuna akhoza kundibwerera osandipempha. Koma eda ikatha asanatero, ukwati watha. Akafuna aziyambanso kufunsira ngati mlendo, ine n'kuvomera kapena kukana.

Ndinapirira. Ndinayala matiresi m'chipinda cha ana, pakati pa makatoni ndi njinga yothyoka. M'mawa ndimapita kuntchito kochapa zovala, kusita mpaka miyendo kuchita dzanzi, pobwera n'kupeza munthu ali tambalale pampando, moni osayankha. Masiku ndinkachonga pakalendala kuseri kwa chitseko. Eda inatha pa 4 mwezi watha. Ndinapeza kachipinda pafupi ndi kuntchito, katundu n'kumanga.

Lachisanu lapitali ndinapita kwa ashehe kukatenga kalata yachisudzulo, n'kuwapeza ali ndi akuluakulu a mzikiti. Ndiye alamu anu atulukira, mkanjo uli wosita bwino, n'kunena mosaphethira kuti anandibwerera kalekale eda isanathe, ndipo mboni yawo ndinu. Akuti anakuimbirani foni, inu n'kuwayankha kuti achita bwino, mkaziyo ndi wawo.

Ndine mbuzi kodi, achimwene, yoti muzindipereka pafoni? Si inu amene munandipeza diso lili lotupa chaka chatha, n'kungoyang'ana pansi? Sabata zonsezi takhala tikulankhulana, za foniyo osatchulako. Manyazi amene ndinachita pamaso pa akuluakulu aja sindidzawaiwala.

Ashehe ananena kuti nkhani yonse yagona pa tsiku. Ngati anaimba pa 4 pasanafike, ndikadali mkazi wawo, ndimasule katundu. Ngati anaimba patadutsa, mawu awowo ndi mphepo chabe. Atafunsidwa tsikulo, alamu anu anati foni yawo inawonongeka, sakukumbukira bwino. Koma pakamwa panawathamanga. Pofuna kuonetsa kuti inu ndi iwo n'chimodzi, anawonjezera kuti pafoni yomweyo anakuyamikirani chifukwa cha mwana, mpaka anamumva akulira.

Mwana wanuyo anabadwa pa 11 mwezi wathawo, eda itatha kale. Chithunzi cha khadi lake la kuchipatala munanditumizira nokha, chikadali mufoni mwanga. Nkhanga zinapangana kusanapse, koma inu awiri za khandali munaiwala kupangana.

Pempho langa ndi limodzi. Ashehe adzakuimbirani Lachisanu likubwerali ikatha swala, pemphero lamasana. Mudzawauze tsiku lenileni, basi. Ndikudziwa mukuopa kuti anthu azikulozani kuti mlongo wanu ukwati wamukanika. Aloze, wogona m'nyumba ija si iwo.

Chithunzicho sindinachionetse kwa ashehe tsiku lija. Ndinachigwira m'manja, n'kuchibweza m'chikwama, chifukwa sindinafune kuti mwana wa amayi anga atchedwe mboni yonama pamaso pa mzikiti. Ndakusiyirani mpata woti munene nokha. Mukadzanama ndidzachitulutsa pomwepo, ndipo musadzati mlongo wanu wakuchititsani manyazi.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma izi musawauze mpaka zithe, angadwale nazo. Moni kwa amalume, azakhali ndi mayi a khanda. Khandalo mulinyamuleko m'malo mwanga. Silinayambe n'kulankhula komwe, koma ndi lokhalo m'banja mwathu limene landiikira umboni.

Ndine mlongo wanu,
amene katundu wake akadali womanga.