Chipinda chamoto ndakonza, koma amayi ndi alamu akungosiyirana

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 16, ndimakhala m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Mitundu. Aka n'koyamba kulemba kalata yopita kunyuzi, ndiye pamene ndalakwitsa mungondikonzera. Sukulu ndinaisiyira Sitandade 4, koma atalengeza kuti pulayimale ndi yaulere ndinabwereranso, pano ndili Sitandade 6. Pakamwa sinditha kulankhula, ndimangoyang'ana pansi, koma ndikagwira cholembera mawu amabwera okha.

Nkhani yanga si yoopsa ngati za anzanga amene amakulemberani. Kwathu sitikangana, chimanga tinakolola bwino chaka chino. Koma pali kanthu kamodzi kakundisowetsa mtendere, ndipo ndinakayambitsa ndine.

Abambo anga amagwira ntchito kuesiteti ya fodya, ndi amene amasonkha moto m'mabalani owumitsira fodya. Amayi anga amakhosomola kwambiri nthawi yozizira, ndipo kuchipatala anawauza kuti utsi wa m'khitchini ukuwonjezera. Ndiye ntchito ya mabalani itatha, abambo anabwera ndi paipi yakale imene akapitawo anawalola kutenga. Tili ndi chipinda chimene tinkasungiramo makasu ndi matumba. Abambo anatulutsa zonsezo, n'kumanga pakhoma malo osonkhapo moto ndi njerwa zootcha, paipi ija n'kuikweza mpaka kutulukira pamwamba pa malata. Utsi wonse umapita kumwamba. Anthu a m'mudzi ankabwera kudzasuzumira. Mayi wina anati, "Moto m'nyumba koma maso osawawa? Awa ndi matsenga a kuesiteti."

Atamaliza, abambo anandiuza kuti, "Yanga yatha. Zokongoletsa n'zako, iwe wakusukulu. Muno tizidyeramo."

Aphungu, ndinasangalala kwambiri. Pansi ndinazira ndi dothi lakuda la kudambo, n'kukhula ndi mwala mpaka kumanyezimira. Makoma ndinapaka laimu, koma m'munsi ndinadutsitsa mzere wa dothi lofiira kuzungulira chipinda chonse. Uku ndi uku kwa moto ndinajambula maluwa a mpendadzuwa, ngakhale mlongo wanga Bester, yemwe ndi wamng'ono kwa ine, akuti akuoneka ngati mazira okazinga. Pamwamba pa moto pali thabwa. Ndinayalapo nyuzi yodula m'mphepete ngati mano a sowo, n'kuikapo makapu athu abwino, wayilesi ndi botolo la maluwa. Kalendala ya mpingo yochokera ku Nkhoma ili pafupi ndi zenera. Tebulo ndi chitseko chakale chimene abambo anachiikira miyendo. Nsalu ya patebulo inandivuta. Abambo anandipatsa chitenje chimene analandira kumsonkhano wa chipani chawo, alamu anga nawo anandipatsa cha chipani china. Ndinaona kuti patebulo pangakhale msonkhano tsiku ndi tsiku, ndiye ndinachapa thumba la ufa mpaka kuyera, n'kulisoka m'mbali ndi ulusi wofiira. Mipando iwiri, benchi ndi mkeka ndinaziika mozungulira moto, kuti aliyense aziona nkhope ya mnzake.

Pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa.

Achemwali anga a Felesiya anakwatiwa ndi a Edson a kwa Nathenje. Alamuwo anabwera chikamwini, nyumba yawo ili kuseri kwa yathu, ndipo ali ndi mwana, Pempho, amene wayamba kumene kuyenda. Tsiku loyamba kudyera m'chipindamo kunazizira zedi, June anali atangoyamba. Tinaotcha mbatata, tiyi ali pamoto. Ine ndinathamanga kukawaitana. Ndinati, "Alamu, bwerani mudzaone hotela yanga." Anaseka n'kunditsatira. Atalowa anavula chipewa, ine n'kuwalozera mpando. Mpandowo unali moyang'anizana ndi mkeka umene panakhala amayi.

Amayi anakokera chitenje kumaso n'kutembenukira kukhoma. Kenaka anadzuka ndi kapu yawo, amvekere, "Ndaiwala kutseka khola la nkhuku." Kholalo ndinali nditatseka ndekha dzuwa lisanalowe. Tiyi wawo anakamalizira m'khitchini ya utsi ija. Alamu anangoti zyolizyoli, mbatata mpaka kuzizirira m'manja.

Sikuti sindinkadziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana. Ndinkadziwa. Koma panja malo ndi aakulu, wina akamabwera wina amangopatuka, ndiye sindinkazilabadira. Mutu wanga unali pa laimu ndi maluwa.

Chichitikireni zimenezo akungosiyirana chipindacho. Ndikawaitana amayi amati, "Asiyeni akamwini aothe, amachokera kudimba miyendo itanyowa." Ndikapita kwa alamu amati, "Mlamu, ukufuna anthu azinena kuti kwa Nathenje sitilangidwa? Nyumba ndi ya amayi, ine ndiwatulutse?" Mapeto ake onse awiri palibe amene amalowa. Amayi amadyera kuutsi, alamu amadyera pakhonde pawo atavala jekete, achemwali nawo amakhala ndi amuna awo. M'chipindamo timakhalamo abambo, Bester ndi ine, ndi Pempho akatithawira. Mumafunda bwino, ndimalemberamo ntchito ya kusukulu, koma ndikamva amayi akukhosomola kukhitchini cholembera chimaima.

Musaganize kuti amadana. Ndiwo zikakhala za nyama, nthuli yabwino amayi amasungira akamwini awo. Alamu akathyola tomato kudimba, woyamba amamusiya pakhomo pa amayi. Amalankhulana kudzera mwa achemwali ngakhale ali pabwalo limodzi. Amayi amati, "Felesiya, uwauze bambo a Pempho kuti zikomo tomato." Alamu amamva okha, koma amadikira achemwali abwereze, kenaka amati, "Uwauze amayi kuti n'zochepa."

Bester akuti, "Ino ndi nthawi ya matipate, aliyense ali ndi ufulu wokhala pamene akufuna. Tiponye voti." Abambo anamuyankha kuti, "Voti yakoyo ukaponyetse mbuzi kukhola." Ine nditawafunsa anangoseka, amvekere, "Ine agogo ako ndinawathawa mpaka imvi kumera. Sindinafe."

Ndiye ndaganiza ziwiri. Choyamba, ndimange chingwe kuchokera pathabwa la pamoto kukafika pachitseko, n'kupachikapo zitenje za zipani zija, chipinda chigawike pakati. Amayi aziotha uku, alamu uku, osaonana. Chachiwiri, ndilimbe mtima ndiwauze onse awiri kuti zimenezi n'zachikale.

Ndichite chiti, Aphungu? Chipindachi abambo anamangira chifuwa cha amayi, ndipo kuzizira kwa July kukubwera.

I. M., Mitundu

*

Mwanawe,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko chifukwa chongoikonda. Palibe chimene ndakonza. Upitirize sukulu.

Tsono maganizo ako awiriwo, onse ataye.

Chitenje pafupi ndi moto ndi ngozi. Kamphepo kakangolowa pachitseko, nsalu ikhudza lawi, ndipo nyumba imene mwavutikira ipsa musanatunge n'komwe madzi. Komanso pali Pempho. Mwana wongoyamba kuyenda amagwira chilichonse cholendewera. Nyuzi yako ya mano a sowo ija nayonso isalendewere kumoto, uipinde kapena uisamutsire pathabwa lina. Uwapemphe abambo ako aike mzere wa njerwa kutsogolo kwa motowo kuti mwana asafikepo, ndipo zenera lizikhala lotsegula pang'ono moto ukamayaka.

Zokawauza kuti n'zachikale, usayerekeze. Iwe wemwe wandiuza za nthuli ya nyama ndi tomato wa pakhomo. Anthu awiriwa akupatsana ulemu m'njira imene anaphunzitsidwa, ndipo aliyense akulolera kuzizidwa kuti mnzake afunde. Mabanja ambiri amene amandilembera angasirire vuto lotere. Ukawadzudzula, amayi ako achita manyazi kuti mwana wawo akuwalangiza pamaso pa mkamwini, alamu ako aopa kuti anthu aziti wodandaula ndi iwo. Ukhala wawonjezera mtunda pakati pawo.

Chofunika msanga ndi chifuwa cha amayi ako, ndiye tiyambire pomwepo. Chikuwasunga panja onse awiri n'chakuti palibe amene akudziwa kuti chipindacho n'chake nthawi iti. Wogamula zimenezi si iwe, ndi mwini nyumba. Upeze nthawi abambo ako ali okha, uwauze mwaulemu kuti, "Abambo, munamangira amayi, koma amayi akadali kuutsi." Mawu amenewo ndi okwanira. Iwo anene pakhomo ponse kuti amuna azidya poyamba n'kutuluka, kenaka amayi, achemwali ako ndi iwe muzilowa n'kukhala mpaka moto utazilala. Alamu ako sangakane kudya ndi apongozi awo aamuna atawaitana, ndipo amayi ako sangakane kulowa akaona ndi maso awo kuti akamwini aotha kale. Abambo ako akusekawo akudziwa zimenezi, akungofunika wowakumbutsa. Ndipo chifuwacho chikapitirira, amayi abwererenso kuchipatala, asadikire kuti nyengo yozizira ithe.

Zimenezo ndi za sabata ino. Tsopano za mtsogolo. Akuluakulu amene anaika mwambo wothawana anaikanso khomo lotulukira. M'midzi yambiri, mkamwini akakhazikika, akaonetsa khalidwe, makamaka mwana akabadwa, akuluakulu a mbali zonse amakhala pansi, pamaphedwa nkhuku, apongozi ndi mkamwini amapatsana kamphatso, kuyambira pamenepo amayamba kulankhulana. Kachitidwe kake kamasiyana mudzi ndi mudzi, ndiye usatengere za ine. Pita kwa azakhali ako kapena mayi wamkulu amene amayi ako amamumvera, umufotokozere monga wandifotokozera ine, umufunse kuti kwanu zimayenda bwanji. Ngati pakamwa pakukanika, pita ndi achemwali ako, poti nkhaniyi ndi ya banja lawo kuposa iwe. Azakhaliwo kapena mayi wamkuluyo akaona kuti n'koyenera adzauza ankhoswe, uthenga udzafika kwa Nathenje. Iwe ntchito yako ithera pa kufunsa.

Ukudikira zimenezo, konzanso kakhalidwe ka m'chipinda. Unaika anthu moyang'anana. Tsopano uwaike onse moyang'ana kumoto. Mkeka wa amayi ukhale mbali imodzi, pafupi ndi khoma lofunda. Mpando wa alamu ukhale mbali inayo, chakuchitseko, kuti akafuna kutuluka asadutse pamaso pa apongozi awo. Pakati pakhale tebulo ndi mpando wa abambo. Anthu amanyazi amatha kukhala m'chipinda chimodzi ngati maso awo ali ndi poyang'ana, ndipo moto ndi wabwino pa zimenezo. Maluwa ako a pakhoma uwasiye, Bester akajambule ake.

Ndikuchenjeze ziwiri. Mwina amayi ako adzati ayi, iwo akufuna kukhala monga anakhalira amayi awo. Akatero, uvomere ndi mtima umodzi. Adzakhala akuotha moto wopanda utsi pa nthawi yawo, ndipo chimene abambo ako anamangira chidzakhala chachitika.

Koma mwina tsiku lina madzulo udzangoona alamu ako sanadzuke, amayi ako alowa n'kukhala pamkeka. Tsiku limenelo usaombe m'manja, usamwetulire, usayang'ane uku ndi uku, ndipo Bester umutsine asanatsegule pakamwa. Mukadzangonenapo kanthu, wina adzadzuka. Iwe udzangowerama, n'kuwonjezera nkhuni pamoto.

Aphungu