Jekeseni wa bambo ali tsidya

Kaitano 10:42
sis ndili pa pharmacy. akuti jekeseni wa njoka sasunga

Priska 10:43
nesi Mabel walemba chani pa pepalalo?

Kaitano 10:44
collect from district stores. ndimati poti ndi mankhwala ndiyambire kogulitsa mankhwala

Priska 10:45
ayi. pharmacy amagulitsa. stores sagulitsa, amangosungira zipatala, amatulutsa ndi pepala basi. ndimagwira ku stores ya estate, ndikudziwa

Kaitano 10:46
nanga depot ya pamsika ija

Priska 10:46
depot mpotsitsira katundu wa malole, mupeza feteleza ndi sopo. musataye time achimwene. stores ili tsidya la Shire

Priska anawonjezera Mabel pa group

Mabel 10:58
mwendo wa bambo anu watupa kufika m'bondo. inali mphiri. galimoto ya ku stores siingabwere, msewu waduka

Kaitano 11:20
[voice note 0:17] ndili padoko ku Chiromo. Ruo yadzaza, ikuthira mitengo yathunthu mu Shire. amabwato onse akukana kupatula a Geresomo.

Priska 11:21
ndikudziwa. nzoopsa, koma wina angapite ndani? wolokani plz

Kaitano 12:35
tawoloka. storekeeper akuti pepala lilibe chidindo, satsegula

Mabel 12:37
chidindo chili ndi in-charge wa chipatala chathu, madzi amutsekera kwawo. mupatseni foni ndilankhule naye

Kaitano 13:10
wapereka. mabotolo 4 mu cooler box. akuti lisatenthedwe ndi dzuwa, ndalifunditsa malaya

Priska 13:11
Mulungu alipo

Kaitano 13:40
madzi akwera kuposa mmawa. a Geresomo akuti tidikire mawa

Mabel 13:42
sindikubisirani. kutupa kwafika pantchafu, nkhama zayamba kutuluka magazi. mawa nkutali

Kaitano 13:44
sis nditani

Priska 13:51
bwerani

Kaitano 13:53
ok. a Geresomo avomera. fon ndikuika mu jumbo. box ndamangirira pachifuwa

Priska 14:40
mwafika?

Priska 15:05
achimwene

Priska 15:06
[missed call]

Priska 15:30
Mabel ndili ndi mantha. ndamuuza ndine kuti akwere

Mabel 15:48
ndatuma anthu kudoko. bwato silikuoneka

Mabel 16:02
bambo atsegula maso. akufunsa kuti Kaitano ali kuti. ndiwauze chani?