Kasupuni ka Tomoji kali ndi dzina

2 Novembala 1988

Iwe amene udzatsegule kope ili ine nditafa, tayankha: unamwapo tiyi wovundula ndi supuni? Sunamwepo. Nanga bwanji supuni ndiyo amaifunsa dzina?

Lero kunabwera mayi Okazaki, aphunzitsi a mwambo wa tiyi a mu mzinda wa Nara. Akufuna ndiwapangire chovundulira tiyi chatsopano, cha nsungwi, cha mano zana, cha pa mwambo woyatsa moto woyamba wa nyengo yozizira, pa 13. Kasupuni kotapira ufa wa tiyi akusema ndi Tomoji, mlongo wanga wamng'ono. Mayiwo anandiuza akumwetulira, ngati ndidzuka n'kuvina.

4 Novembala

Kuzizira. Zala ming'alu yokhayokha.

Kansungwi kamodzi kukawaza mpaka mano zana, dzino lililonse kulipala mpaka lipyapyale ngati tsitsi, kenako kuluka ulusi wakuda. Palibe anandiphunzitsa. Malemu bambo ankatseka chitseko pophunzitsa Tomoji, ati ntchito imeneyi ndi ya mwana wamwamuna. Ine ndinkatola zotaya zawo m'dengu la zinyalala, n'kumaona mmene mpeni wadutsira. Tomoji zinamukanika, mano ankangothyoka. Anathawira ku timasupuni. Kupinda kansungwi pa kandulo, kupala masana amodzi, basi, munthu wasanduka waluso.

6 Novembala

Tomoji wabwera kudzandionetsa. Kasupuni m'chibowo chake cha nsungwi, pamwamba atalembapo dzina: Chisanu Choyamba. Kamtengo kali ndi dzina.

"Achemwali, musafufume. Zanu anthu amamwa, zanga amangoyang'ana."

Ndinamuuza atuluke ndisanamuthire madzi oviikamo nsungwi. Anatuluka akuseka, ataba zipatso zanga pakhonde, mapesimoni awiri.

Pa pepala la mwambo alembapo onse. Woumba mbale, wosula ketulo, wophika timaswiti ta nyemba, Tomoji. Chovundulira sachilemba, ati n'kale lomwe. Chikatopa amakachiwotcha ku kachisi pamodzi ndi zinzake, wansembe n'kumathokoza nsungwi. Nsungwi, osati ine Fusae.

9 Novembala

Ndapanga zovundulira ziwiri.

Chimodzi chabwino. Chinacho dzino limodzi ndalicheka mkati, patsinde, posaoneka ndi maso. Pochiyang'ana chidutsa. Koma m'madzi otentha, dzanja likayamba kuthamanga, lithyoka n'kuyandama m'mbale ya mlendo wamkulu. Pamenepo afunsa: wapanga ndani ichi? Kaya mokwiya, koma dzina langa limveka m'chipinda chimenecho.

Ntchito yoipayi ndaigwira mwaukhondo kuposa yabwino ija. Sindinadye.

13 Novembala

Ndinapereka chabwino. Usandifunse. Zonse ziwiri zinali m'chikwama, pachipata dzanja linasankha lokha.

Alendo anayi, Tomoji ali pomwepo, ine womaliza, pafupi ndi kakhomo. Mawondo kuwawa pamphasa. Fungo la makala. Mayi Okazaki anaviika chovundulira m'madzi otentha, kuchikweza, kuchitembenuza, kuona mano. Onse zana chilili. Atayamba kuvundula ndinatsinzina. Kamvekedwe kake ndimakadziwa, palibe dzino linakanda mbale. Thovu losalala, lobiriwira, lopanda diso lalikulu ngakhale limodzi.

Mlendo wamkulu, a Terashima, dokotala wopuma ntchito, anamwa mpaka dontho lomaliza. Anati chimwalirire akazi awo sanamwepo tiyi wofewa chotere. Ndinadikira. Anayamikira dzanja la mayi Okazaki.

Kenako anapempha kuona kasupuni. Wasema ndani? Dzina lake? Onse kugwedeza mitu, ati akumva kale kuzizira kwa m'mawa. Kanayenda m'manja mpaka kufika pa ine, ndipo mwambo umati uwerame, zigongono pansi. Ndinaweramira kasupuni ka mwana amene ndinkamupukuta mamina.

Chopweteka n'chakuti n'kokongola. Wapinda bwino pamfundo, ngati mmene ankapindira bambo. Ndinakagwira nthawi yaitali kuposa onse. Tomoji waona.

Chovundulira changa ndinachipeza kuseri, atachiyanika pafupi ndi nsanza zopukutira.

14 Novembala

Osagwira mpeni. Mvula.

21 Novembala

Foni. Mayi Okazaki akufuna zitatu za Chaka Chatsopano, ati za ku sitolo zimakanda mbale, tiyi amatuluka wa mibulu. Ndiye akudziwa! Zaka khumi ndi zinayi ndikuwapangira, akudziwa.

Ndinawauza mosapsatira kuti andilembe pa pepala. Pafonipo ndinkamva ketulo yawo ikuwira. Kenako: "A Fusae, chovundulira chimakoma chifukwa sichidzitchula."

Ndinati chovundulira chilibe pakamwa, ine ndili napo. Ndinatsitsa foni.

Madzulo Tomoji watumiza mapesimoni awiri, opanda kalata. Aganiza zatha.

Choipa chija chidakali pa shelefu. Sindinachiwotche, sindichiperekanso, ndimangochiyang'ana.

Nsungwi za Chaka Chatsopano zili apo, zouma bwino, sindinazikhudze. Mayi Okazaki alembe. Pansi penipeni pa pepala, kumunsi kwa wophika maswiti, sindidandaula. Chovundulira, Fusae. Mawu awiri, inki siitha. Apo ayi, pa Chaka Chatsopano tiyi wawo avundule ndi Chisanu Choyamba.