Zimene Makina Sanaone M'bere Langa

Okondedwa akulu anga a Yosefina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Yakobo ndi ana kumeneko ku Chipangali. Kodi miyendo ya atate yasiya kutupa? Kuno ku Kitwe bambo a Dolika akupitabe ku mgodi, Dolikayo ali kusukulu.

Ine ndiye mtima suli m'malo. Mwezi watha anamwino anabwera kutchalitchi kwathu kudzalimbikitsa azimayi kuyezetsa mabere. Nditatchula kuti amayi athu anapita ndi khansa ya m'bere, anandiuza kuti ndisazengereze, ndikajambulitse ndi makina aja opana bere.

Chithunzi chinatuluka choyera ngati thonje. Adokotala anandifotokozera kuti mabere anga ali ndi nyama yothinana, mafuta ochepa. Anati si matenda ayi, azimayi ambiri ndi otero, koma chotupa nachonso chimaoneka choyera, ndiye chimabisala mmenemo. Anatinso mabere otere khansa imawapezako kawirikawiri pang'ono kuposa ena. Ndinawauza kuti ndimadzigwira posamba ndipo sindinamvepo kanthu. Iwo anati kuthinanako sikudziwika ndi manja.

Ananditumiza ku sikani, yonga ija ya azimayi oyembekezera. Kumeneko anapeza kachotupa kubere lamanzere, kamene makina oyamba sanakaone. Anatapako kanyama ndi singano n'kutumiza ku Lusaka. Zotsatira sizinabwerebe. Dzana ndinasoka diresi ya kasitomala mkono chotembenuza, mpaka ndinachita kusomola yonse. Dolika anandifunsa chifukwa chimene ndimamuyang'anitsitsa akamadya.

Pempho langa ndi limodzi. Adokotala anafunsa ngati ndili ndi m'bale wamkazi, chifukwa mabere otere amayenda kumtundu. Chonde pitani ku Chipata mukayezetse. Ndikudziwa muyankha kuti mtedza sunakumbidwe, koma alamu ndi anyamata angathe kukumba okha. Akakujambulani n'kunena kuti zili bwino, musanyamuke msanga. Afunseni ngati mabere anu ndi othinana, ndiponso ngati mukufunika sikani.

Atate sindinawauze, ndikudikira ndidziwe kaye chenicheni.

Mundiperekere moni kwa atatewo, kwa azakhali a Felesita ku Chiparamba, kwa alamu ndi ana onse. Lamlungu mukagwada pa Misa, munditchuleko dzina chamumtima.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Tawina